Abale Oyankhulana ndi Sipanala

Achimwene anga aakulu anthu ankawatchula kuti a Pang'ono, chonsecho anali chimunthu chachitali choti polowa m'shedi ankachita kuwerama. Dzinali linachokera pakamwa pawo pomwe. Munthu akanyamula nyundo kuti amenye nati yokanika, iwo ankamugwira mkono n'kunena kuti, "Pang'onopang'ono, bambo. Chitsulo chikakana chili ndi chifukwa chake. Chifunseni kaye." Eni maboti anawamva mawuwa mpaka anatopa nawo, ndiye anangowasandutsa dzina. Ndayambira pamenepa dala, kuti mudziwe kuti munthu ndikukambayu sanali wankhanza kapena wopupuluma. Zaka zonse zimene ndinawaonerera akugwira ntchito, anakakamiza chitsulo kamodzi kokha.

Tinabadwa atatu: iwo, ine, kenako mlongo wanga wamng'ono amene aliyense ankamutchula kuti Wayilesi. Ameneyu ankayamba kuyankhula asanasukusule n'komwe. Ankacheza ndi makasitomala, ndi agalu a padoko, ngakhale ndi injini imene akuimasula. Bambo athu ankati mwana ameneyu anabadwa wopanda kabatani kozimitsira. Atamwalira anatisiyira malo okonzerapo maboti m'mbali mwa doko: shedi yamalata yotseguka mbali ya kumadzi, pansi pa simenti yodetsedwa ndi oyilo, tcheni yokwezera katundu yolendewera kudenga, ndi kachipinda kam'mbali komwe ine ndinaikamo makina anga osokera. Amuna awiriwo ankakonza zitsulo, ine ndinkasoka matenti ndi mipando ya maboti omwewo. Kachipinda kanga kanali ndi zenera loyang'ana m'shedimo, choncho palibe chimene chinkandidutsa.

Maboti ambiri obwera kwathu anali aja amene injini yake imakhala m'kati, koma kumbuyo kwake, kunja, kumalendewera chitsulo chachikulu chonyamula magiya ndi pulopela, chija chimapalasa madzi. Chitsulo chimenechi pantchitopo timachitchula kuti mwendo. N'cholemera kuposa thumba la simenti, ndipo kuti ukonze zambiri za kumbuyoko umayenera kuuchotsa kaye mwendowo. Apa m'pamene panali luso la achimwene.

Ndikukumbuka bambo wina woweta nsomba amene anabwera atatupa ndi mkwiyo. Boti lake linkazima nthawi iliyonse akasintha giya, ndipo anali atagula kale mapulagi atsopano ndi batire, osathandiza.

"Injini yanuyi ilibe mlandu," anatero achimwene, asanatsegule n'komwe chivundikiro. "Handulo ya giya ikulimba mukamaikankha?"

"Ikulimba, inde. Koma ine ndikunena za kuzima."

"Ndi nkhani imodzi yomweyo. Kuchoka pahandulo pali kebulo yopita painjini. Kuchoka painjini pali ina yotsikira kumwendo. Yotsikirayo imadutsa m'kalabala, kalabalako kakang'ambika madzi amalowa, dzimbiri n'kuigwira. Ikalimba imakankha kaswichi kamene ntchito yake ndi kupumitsa injini kamphindi posintha giya. Ndiye m'malo mwa kamphindi, kakuizimitsiratu."

Wayilesi ali pansi pa boti anafuula kuti, "Mwamva, bwana? Mwakhala mukumenya mwana, wakuba ndi mlendo!" Bamboyo anaseka mosafuna. Umu ndi mmene ankagwirira ntchito: wina kuganiza, wina kusangalatsa anthu, ndipo zinkayenda.

Kuchotsa mwendo kunali ndi lamulo limene bambo athu anawakhomerera m'mutu ali anyamata. Mwendo wa mtundu umenewu suchoka giya isanalowe kutsogolo. M'kati mwake muli kachitsulo kooneka ngati kaphazi, kamene kamakhala m'kampata kake. Giya ikakhala kutsogolo kaphaziko kamaloza molunjika, mwendo n'kutuluka bwinobwino. Ikakhala pena paliponse kaphazi kamapingasa, ndipo ukakoka umapinda kapena kuthyola zinthu. Komanso handulo siyokhulupirika. Kebulo ikaduka m'kati mwa chikopa chake, handulo imapita kutsogolo mwaulemu ndithu, giya ili phee pomwe inali. N'chifukwa chake ntchitoyi inkafuna anthu awiri. Achimwene ankakwera m'boti, n'kukankha handulo, n'kufuula kuti, "Ndalowetsa!" Wayilesi kumbuyo ankazunguza pulopela ndi dzanja mpaka itakana kuyenda, ndiye n'kuyankha kuti, "Yagwira!" Nthawi zambiri ankawonjezerapo zake, monga, "Yagwira ngati apongozi pachitseko!" Akamva zimenezo m'pamene achimwene ankatsika kudzamasula manati.

Mayi athu atakalamba anakakhala kwa Wayilesi, chifukwa nyumba yake inalibe masitepe ndiponso mayi ankakonda phokoso lake. Tsiku lina m'mawa anadandaula kuti pachifuwa pakuwawotcha. Wayilesi anati apite nawo kuchipatala, iwo anakana, amvekere ndi chilungulira chabe, asawavutitse. Iye anawapangira tiyi, anakhala nawo pakhonde n'kumawaseketsa mpaka anaoneka ngati apeza bwino, kenako anabwera kuntchito. Masana mlamu wanga, mkazi wake, anaimba foni akulira. Mayi anamwalira m'galimoto, asanafike pageti pa chipatala.

Tinakumana m'khonde la chipatalacho, pafupi ndi benchi yodikirirapo. Wayilesi ankafotokoza, akubwereza mawu. Achimwene anamumvetsera mpaka anamaliza. Kenako ananena ndi mawu otsika, alamu ndi ana akumva.

"Ukanatseka pakamwa pakopo kamodzi kokha n'kuwamvetsera, bwenzi ali moyo. Wawapha ndi macheza akowo."



"Chabwino, achimwene," anatero Wayilesi. "Ndatseka."

Munthu akaferedwa amayankhula zambiri zimene mawa lake amachita nazo manyazi. Ine ndinaganiza kuti maliro akatha zitha. Ndinalakwitsa kuwerengera mitima ya ana a bambo anga. Achimwene ankadziwa kuti ananena zoipa, koma kupepesa kwa mng'ono wawo ankakuona ngati kukwera phiri chobwerera m'mbuyo. Wayilesi naye anati mawu anatuluka kwa iwo, ndiye oyamba kuyankhula akhale iwo. Palibe amene anafuna kuchoka pashedi, poti aliyense ankati ndi ya bambo ake.

Tsiku loyamba kubwerera kuntchito panali boti lofunika kuchotsa mwendo. Ndinaima pazenera kuti ndione atani. Achimwene anakwera, anakankha handulo, anatsegula pakamwa, n'kutsekanso. Kenako anatenga sipanala n'kugogoda m'mbali mwa boti kamodzi. Go! Wayilesi anazunguza pulopela, itakana, naye anatola sipanala yake n'kugogoda kawiri. Go, go! Achimwene anatsika, anamasula manati, mwendo unatuluka. Ine ndinaseka ndekha kuti ana awa, mawa aiwala. Sanaiwale. Kugogoda kuja kunakhala chiyankhulo chawo kwa zaka, mpaka ana amene anali kusukulu ya pulayimale nthawi ya maliro anayamba ntchito.

Chinkandipweteka kwambiri n'chakuti anthu ankawayamikira. Kasitomala ankaima chapatali, manja m'thumba, n'kumati, "Taonani abale awa! Amamvana popanda mawu. Ubale ndi umenewutu." Ine ndinkaponda makina mwamphamvu kuti ndisamve, singano mpaka kuthyoka. Poyamba ankandituma. Achimwene ankabwera pazenera: "Chemwali, umuuze uyo kuti girisi watha." Posakhalitsa Wayilesi: "Achemwali, muwauze akuluwo kuti girisi ali kuseri kwa chitseko, maso ali nawo." Ndinatumikira mpaka tsiku lina ndinatuluka n'kuima pakati pa shedi.

"Ine si positi ofesi," ndinatero. "Nonse muli ndi pakamwa, nonse muli ndi makutu. Mukafuna girisi, muzimufuna ndi sipanala zanuzo."

Ndinkaganiza kuti ndikawakaniza uthenga akakamizika kuyankhulana. M'malo mwake aliyense anagula chitini chake cha girisi.

Musaganize kuti achimwene anali mwala. Ankafika m'mawa kwambiri, ndipo ndinkawaona akunola tchizulo za Wayilesi n'kuzibwezera pamalo pake iye asanabwere. Mwana wa Wayilesi atadwala, achimwene anapita kuchipatala, anakaima panja pa wodi, n'kundipatsa ine zipatso kuti ndikalowetse. Koma kumuyang'ana mng'ono wawo kumaso anasiya. Pogwira ntchito maso awo ankakhala pamanati, pamawaya, padenga, paliponse kupatula pankhope yake. Wayilesi naye ankachezabe ndi anthu ena, koma nthabwala zake zinachepa, ndipo m'shedimo munayamba kumveka phokoso la madzi omenya khoma la doko, limene kale sitinkalimva.

Chimene chinagwedeza zinthu chinali ukwati. Mwana woyamba wa achimwene, mtsikana wophunzitsa masamu, anapeza mwamuna. Mtsikanayu anatengera ine azakhali ake, sabisa mawu. Anauza bambo ake kuti, "Adadi, bambo aang'ono akapanda kubwera, inenso sindibwera. Ndipo sindiwaitana ine. Muwaitane ndinu, ndi pakamwa panu."

M'mawa wa tsiku lotsatira achimwene analowa m'kachipinda kanga, chinthu chimene sankachita. Anakhala pampando wa boti umene ndinali ndisanamalize kuukuta, mawondo ali m'mwamba ngati mwana wasukulu. Anatola kansalu pansi n'kumakapinda.

"Chemwali, munthu amayamba bwanji?"

"Kuyamba chiyani?"

"Usandivutitse. Ukudziwa."

"Mumatsegula pakamwa, achimwene, mawu n'kutuluka. Ngakhale khanda limatha."

Anaseka pang'ono, koma maso anali ofiira. "Ndinanena zoipa tsiku lija. Mayi anali ouma mutu, tonse tikudziwa. Ngakhale ine akanandikanira."

"Mukuuza ine chifukwa chiyani? Mwini nkhani ali apo, akuvula jekete."

Anasuzumira pazenera. Pathirela, ngolo yokokerapo maboti, panali boti loyera lonyamula alendo oona malo, limene linabwera dzulo lake litakanirira giya pamadzi mpaka linachita kukokedwa.

"Tingotsitsa mwendo wa boti ili," anatero. "Tikatsitsa ndiyankhula naye. Lero lomwe lino."

Ndinasangalala moti ndinatumiza uthenga kunyumba kuti madzulo aphike zambiri. Ndinasiya kusoka, ndinakhala pazenera ngati munthu woonerera mpira.

Achimwene anakwera m'boti. Anakankha handulo, inapita kutsogolo mofewa. Anagogoda kamodzi. Wayilesi anagwira pulopela n'kuizunguza. Inazungulira. Anaizunguzanso, inazunguliranso, yopanda chokana chilichonse. Ine ndili pazenera ndinaona bwinobwino kuti giya sinalowe, ndipo ndinadziwa kuti kebulo yaduka m'kati. Si zachilendo. Kale zikatero Wayilesi ankangofuula kuti, "Handulo yanuyo ikunama, achimwene!" Ndiye achimwene ankamasula kebulo painjini n'kuikankha ndi dzanja, ndipo zikakanikabe ankakhuthula oyilo, n'kutsitsa kaye theka lakunsi la mwendo kuti akatembenuze kaphazi kaja ndi pulayala. Koma pa zaka zonse za kugogodazo, mwamwayi kapena mwatsoka, anali asanakumane ndi kebulo yoduka chotere. Chiyankhulo chawo chinali ndi mawu awiri okha, ndalowetsa ndi yagwira. Chinalibe mawu akuti dikirani.

Wayilesi anaima, sipanala ili m'manja, osagogoda. Achimwene anadikira m'boti. Anagogodanso kamodzi, mwamphamvu. Kumbuyo kunali zii.

Zimene zinali m'mutu mwa achimwene anandiuza okha patapita nthawi. Akuti anaganiza kuti mng'ono wawo wamva za ukwati, wadziwa kuti akumufuna, ndiye waganiza zowanyadira. Akuti mumtima anati, tsiku lomwe ine ndadzichepetsa, iye ndi pomwe akundimana ngakhale kugogoda? Anatsika pamakwerero nkhope itauma, anadutsa pafupi ndi Wayilesi osamuyang'ana, n'kuyamba kumasula manati.

Wayilesi anakweza dzanja. Iwo maso ali pamanati. Anazunguza pulopela kuti aone, koma iwo anali atamufulatira, ndipo pulopela yopanda giya imazungulira mwakachetechete. Ndinaona milomo yake ikugwedera. Ine ndinaimirira n'kugogoda pagalasi la zenera, koma kompuresa yopopera mpweya inali ikulira pakona, ndiye ndinathamangira kuchitseko, chomwe chimatulukira kuseri, kuti ndizungulire.

Mwendo ukamasulidwa manati n'kutuluka pang'ono kenako n'kuima, zifukwa zimakhala ziwiri. Mwina shafuti, chitsulo cholumikiza mwendo ndi injini, yagwidwa ndi dzimbiri m'beringi mmene imazunguliramo, ndipo pamenepo umafunikadi mphamvu, kuugwedeza ndi kuukankha ndi chitsulo. Mwinanso ndi kaphazi kaja kapingasa, ndipo pamenepo mphamvu ndi imene imawononga. Kunja zimaoneka chimodzimodzi. Chosiyanitsa ndi funso limodzi kwa munthu amene wagwira pulopela. Achimwene ankadziwa zimenezi kuposa wina aliyense padoko lonse, ndipo anaphunzitsa anthu ambirimbiri. Paja amati safunsa anadya phula. Anaukoka mwendo, unatuluka pang'ono, unaima. Iwo anadziuza kuti ndi dzimbiri, chifukwa dzimbiri silifuna kufunsa munthu. Anatola mgwala, chitsulo chachitali chija chotipulira, n'kuulowetsa pampata.

Pamene ndinkafika pakhomo la shedi, Wayilesi anali atagwada, manja ali pansi pa mwendo kuti aulandire, monga ankachitira nthawi zonse. Thupi linangochita zomwe linazolowera. Achimwene anatsamira pamgwala ndi thupi lawo lonse.

"Achimwene, dikirani!"

Mawu oyamba pa zaka zonsezo. Anamveka pamodzi ndi kuthyoka kwa chitsulo. Mwendo unafwamphuka mopendekeka, unaphonya thabwa limene unayenera kutsamirapo, n'kugwera pasimenti dzanja lamanja la Wayilesi lili pansi pake.

Sindifotokoza zambiri za pamenepo. Achimwene anaunyamula mwendowo okha n'kuuponya kumbali, chinthu choti amuna awiri amachita kubuula nacho. Anavula malaya awo n'kumukulunga dzanja. Anayendetsa galimoto okha, ine ndi Wayilesi tili kumbuyo. Njira yonse ndinkadikira kuti anene kanthu. Ankangoliza hutala.

Madokotala anadula zala ziwiri, ndipo chachitatu chinatsala chouma, chosapindika. Achimwene ankabwera tsiku lililonse ndi chakudya chophikidwa ndi akazi awo, n'kuima m'khonde, n'kundipatsa ine.

"Lowani," ndinkatero. "Bedi lake ndi lachiwiri kumanzere. Sakulumani."

"Ndikamuuza chiyani tsopano, chemwali? Poyamba unali mlandu umodzi. Pano ndi iwiri."

"Ndiye mukudikira ufike wachitatu?"

Sanalowe. Manyazi anawamanga kuposa mmene mkwiyo unawamangira. Ndipo Wayilesi, amene ankamva mawu awo m'khondemo, sanawaitane. Tsiku lina ndikumudyetsa ndinamufunsa chifukwa chimene sanafuulire msanga.

"Ndinayesa, achemwali," anatero. "Ndinkafuna poyambira. Ndinati ndikangoti giya sinalowe, zikhala ngati ndagonja. Ndinati ndiyambe ndi kuitana kuti achimwene, dzinalo linakana kutuluka. Ndili m'kati moganiza, ndinangoona mgwala."

Ndinamuuza zimene achimwene ananena m'kachipinda kanga m'mawa uja. Anatembenukira kukhoma.

"Anauza inu," anatero. "Ine sanandiuze."

Makaniko wopanda zala za kumanja sagwira nati yaing'ono. Atatuluka m'chipatala, Wayilesi anasamukira kutauni ya kwawo kwa mkazi wake, ulendo wa tsiku lathunthu pabasi, kumene mlamu wake anamupatsa ntchito yogulitsa m'sitolo ya zitsulo. Zida zake anatuma mwana wake kudzatenga. Ukwati unachitika, chifukwa mtsikana uja anawamvera chisoni bambo ake, koma mpando wa bambo aang'ono unakhala wopanda munthu, ndipo pazithunzi zonse achimwene akuoneka ngati ali pamaliro.

Kuyambira pamenepo wokwera m'boti ndinali ine. Ndinkasiya makina, n'kukwinya diresi, n'kukwera makwerero ndi mawondo anga owawawa kukakankha handulo, achimwene ali kumbuyo pa pulopela. Anakana kulemba munthu wina. Sipanala sanagogodenso nayo. Ankafuula mokweza kuti, "Yagwira!" ngakhale ndili pafupi, ndipo asanamasule nati iliyonse ankabwerera kukaizunguzanso pulopela, kenako n'kundifunsa ine ngati ndaona kuti yagwiradi. Makasitomala atsopano ankaganiza kuti ndi ukalamba. Dzina lija la a Pang'ono linakhalabe, koma mawu aja akuti chifunseni kaye sindinawamvenso akuuza munthu.

Kangapo konse ndinawapeza atakhala pachitini cha penti, foni ili m'manja, nambala ya Wayilesi ili poonekera. Ndikalowa ankaibisa m'thumba. Ndinayesa kunyengerera, ndinayesa kukalipa, ndinayesa kulira. Yankho linali limodzi: "Pafoni sizikhala bwino. Ndipita ndekha, ntchito ikachepa." Ntchito ya maboti sichepa kwa munthu amene sakufuna kuti ichepe. Anthu amakonda kunena kuti chibale ndi fupa, sichiwola. N'zoona, koma ine ndinaona kuti fupa limathyoka, ndipo ukachedwa kulimanga limapola lokhota.

Sitiroko inawagwira m'shedi momwemo, dzuwa likuswa mtengo, akupukuta manja. Mbali ya kumanja inafa, pakamwa panakhota, ndipo mawu anapita onse. Nzeru zinalipo. Maso ankatsatira aliyense wolowa, ndipo ukawafunsa kanthu ankagwedeza mutu. Koma akafuna kuyankhula kunkangotuluka mpweya ndi kubuula. Ndinamuimbira Wayilesi, ndipo sindinamunyengerere.

"Ngati ukubwera, bwera," ndinatero. "Ngati sukubwera, usadzandililire pamaliro."

Anafika mawa lake madzulo, nthawi yoona odwala. Anali atanenepa, tsitsi litachita imvi, dzanja lija ali nalo m'thumba la jekete. Anaima kumiyendo kwa bedi. Achimwene anamuyang'ana kumaso, koyamba chichokere tsiku la m'khonde lija. Anayesa kuyankhula. Khosi linatupa mitsempha, milomo inanjenjemera, malovu anatsika pachibwano. Anayesanso. Panalibe chimene chinatuluka. Kenako dzanja lawo lamanzere linapapasa pakabati mpaka linapeza supuni, n'kugogoda pachitsulo cha bedi kamodzi.

Ine ndinapsa mtima n'kumva chisoni nthawi imodzi, moti ndinafuna kutuluka. Wayilesi anayandikira. Anatulutsa dzanja lija m'thumba, anawalanda supuni ndi zala zotsalazo, n'kuiika pakabati.

"Ayi, achimwene," anatero. "Zogogodazo zinatikwana. Ndamva. Yagwira."

Anakoka mpando n'kukhala. Ndiye wayilesi inatseguka. Anawauza za sitolo, za makasitomala ogula msomali umodzi n'kupempha kuchotserako mtengo, za mdzukulu wake woluma anzake kusukulu, za basi imene anakwera yomwe giya yake inkalira ngati mbuzi. Anawauza kuti mayi m'mawa uja anaseka mpaka kutsokomola, ndipo chomaliza chimene ananena chinali chakuti tiyi wachepa shuga. Achimwene ankalira, mbali imodzi ya nkhope ikuyesa kuseka. Odwala a mabedi oyandikana anasiya zawo n'kumamvetsera. Anayankhula osapuma mpaka namwino anabwera kudzatitulutsa.

Panja, pamasitepe a chipatala, ndinamugwira paphewa.

"Wachita bwino," ndinatero. "Wawamasula."

Anali kuyang'ana dzanja lake.

"Njira yonse m'basi ndimakonzeka zoti ndiwayankhe akayankhula," anatero. "Sikuti ndimafuna kupepesedwa, achemwali. Zimenezo ndinasiya kalekale. Ndimangofuna ndimve mawu awo. Ngakhale akanandikalipira za girisi."

Achimwene anakhalabe ndi moyo mpaka nyengo yozizira, Wayilesi akubwera mwezi ndi mwezi kudzawayankhulira. Mawu sanabwerere. Shedi tinaibwereketsa kwa anthu ena, ine ndikusokabe m'kachipinda kanga, ndipo ndikaona akufuna kuchotsa mwendo ndimatsegula zenera n'kuwafunsa ngati afunsana. Amandiseka, amati mayi awa ndi ovuta. Wayilesi akabwera kudzacheza amandipempha kuti ndimuuzenso zimene achimwene ananena m'mawa uja atakhala pampando wosamaliza kukuta. Ndimamuuza, mawu ake omwewo, osachotsera. Iye amamvetsera atatseka maso, ndipo ndikamaliza amandifunsa kuti, "Koma ananena ndi mawu otani, achemwali? Okweza kapena otsika?" Ndimayesa kuwatsanzira, koma mawu anga ndi a munthu wamkazi, sizifanana.